Mafilimu atatu ovuta kuiwala omwe ambiri anawaphonya

Come and See, filimu yomwe Elem Klimov anaitulutsa mu 1985, si yoonera muli pa macheza. Imatsatira mnyamata wa ku Belarus mu 1943, pamene asilikali a Germany ankatentha midzi pamodzi ndi eni ake. Mphamvu yake ili pa nkhope ya mnyamatayo, yomwe imakalamba inu mukuona, komanso pa phokoso: bomba likaphulika, zonse zimazilala n'kutsala kulira kwa m'makutu, ngati nanunso mwagontha. N'chifukwa chake kuionera pa sipika ya foni n'kuiwononga. Valani mahedifoni, zimitsani magetsi, ndipo musaidule pakati. Imatenga maola awiri ndi mphindi zoposa 20.

A Separation ya Asghar Farhadi wa ku Iran inatuluka mu 2011 ndipo inapata mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2012. Banja likufuna kutha, nkhalamba ikudwala matenda oiwala, wantchito wapita padera, ndipo aliyense akubisa kenakake pofuna kudziteteza. Pamene anthu amalakwitsa ndi pogwira foni mkati mwa makambirano. Mukangophonya chiganizo chimodzi cha mawu omasulira a pansi pa sikirini, mlandu wonse umakusokonezani, ndipo mumayamba kuweruza munthu wolakwika.

Grave of the Fireflies ya Isao Takahata, ya mu 1988, ndi katuni, koma musaikire ana aang'ono. Ndi nkhani ya mnyamata ndi mlongo wake wamng'ono akulimbana ndi njala mumzinda wa Kobe ku Japan mu 1945. Ioneni m'Chijapani, mawu a kamtsikanako ndiwo amaswa mtima.