Chingerezi cha m'misika ya ku London chimene kusukulu sitinachione

Kukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS, amene ambiri ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja amalemba, kwandichititsa kuti ndizitchera khutu ku wailesi ya BBC pafupifupi usiku uliwonse. Chingerezi chathu cha kusukulu chinachokera ku Britain komweko: timalemba colour osati color, timati lorry osati truck. Koma eni ake akamacheza momasuka amatulutsa mawu oti m'mabuku athu mulibe, ndipo mafilimu a ku America amene tinawazolowera sathandiza n'komwe.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kalankhulidwe kotchedwa Cockney rhyming slang. Kanayambira ku East End, kum'mawa kwa mzinda wa London, cha m'ma 1840, pakati pa ogulitsa malonda m'misika ndi m'misewu, ndipo pofika 1859 John Camden Hotten anali atakalemba kale m'dikishonale yake. Kamayenda chonchi. M'malo motchula mawu amene ukufuna, umatchula kagulu ka mawu kamene kumapeto kwake kamamveka mofanana nawo. Ukatero umadulanso kumapetoko. Munthu akati "let's have a butcher's" akutanthauza kuti tiyeni tione. Zichokera ku butcher's hook, mbedza ija amakolekapo nyama m'butchala, chifukwa hook imamveka ngati look. Koma hook yemweyo satchulidwa! Wakumvayo amangotsala ndi wogulitsa nyama m'manja, osadziwa kuti walowa bwanji m'nkhani.

"Porkies" ndi mabodza, kuchokera ku pork pies ndi lies. "Use your loaf" ndiye kuti ganiza bwino, poti loaf of bread akuimira head. Munthu wa ku Chicago ngakhale atakhala wophunzira chotani sangazitulukire yekha, chifukwa chomasulira chake anachichotsa dala. Zimandikumbutsa zining'a za agogo athu, zoti mwana ali pomwepo koma nkhani yonse imudutsa pamutu.

Chinthu china chimene ndachiona n'chakuti ambiri mwa mawu osowawa si a Britain yense. Ali ndi kwawo. "Nesh" amanenera munthu wosapirira kuzizira, "mardy" ndi wonyanyala kapena wokwiya ngati mwana, ndipo onsewa mudzawamva kwambiri ku Sheffield, Derby ndi Nottingham. "Scran", kutanthauza chakudya, ndi wa ku Liverpool, Newcastle ndi Scotland. Ndiye anthu amene amasonkhanitsa mawuwa pamodzi n'kumati umu ndi mmene a ku Britain amalankhulira amasocheretsa ophunzira. Ena ndi ofala dziko lonse, monga "skint" kwa munthu amene m'thumba mwauma, "chuffed" kwa wosangalala, ndi "knackered" kwa wotopa zedi. Omalizawa amagwirizana ndi knacker, munthu amene ntchito yake inali yopha mahatchi okalamba.

Komabe mawu achilendo sandidetsa nkhawa kwenikweni, poti ukawamva umadziwa kuti sukuwadziwa ndipo umafunsa. Oopsa ndi amene mbali zonse ziwiri, Britain ndi America, zili nawo koma matanthauzo ali padera. Wa ku Manchester akati mnzake anali "pissed", ndiye kuti analedzera. Wa ku Texas akunena kuti anakwiya. "Pants" ku America ndi thalauza, ku Britain ndi kabudula wam'kati, ndipo achinyamata amanenanso choncho chinthu chikakhala chachabechabe. "Rubber", chofufutira chimene tonse tinkabwerekana ku pulayimale, ku America ena amatchulira kondomu. Palinso mawu amene ku Britain amangotanthauza ndudu, pamene ku America ndi chipongwe chachikulu. Amenewo ndawaphunzira kuti ndiziwazindikira basi, pakamwa panga asatuluke.

Ngakhale kamawu koti "quite" kali ndi msampha. Wa ku America akati ntchito yako ili "quite good" wakuyamikira ndithu. Mphunzitsi wa ku Britain akatero, kawirikawiri akuti ili bwinoko koma siinafike. Kwa amene akupita kukagwira ntchito ya unamwino kapena kukaphunzira kumeneko, kusiyana kumeneku n'kofunika kuposa mawu onse a m'misika aja.

M'kope langa tsopano mawu aliwonse ndimawalemba ndi dera limene amamveka, anthu amene amawanena, komanso ngati mlendo angawanene popanda kukhumudwitsa munthu. Sabata yamawa ndilowa m'mawu a ku Scotland. Ndayamba kale ndi "dreich", amene amanenera tsiku la mitambo, mvula yowaza ndi chisanu.