Ulendo wa alangizi ku Chongoni ndi ku Mua

Gulu lathu ndi la anthu amene timalangiza achinyamata oyamba kumene ntchito kapena bizinesi. Tinazolowera kukhala ndi munthu patebulo, kumufunsa zolinga zake, n'kulemba pafomu. Mayi wina wa m'gulu lathu, kwawo ku Dedza, ndi amene anaumirira kuti tikaone mmene makolo ankaumbira munthu ndi zojambula, nyimbo ndi gule.

Tinayambira ku Chongoni, m'boma la Dedza. Kuderali kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, amati n'za Akafula. Zoyera n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana. Nditayandikira ndinaona chinyama chotambasula miyendo, ngati ukuchiyang'ana uli pamwamba, thupi lonse madontho okhaokha. Tanthauzo lake wotionetsa sanatiuze, ifenso sitinamukakamize, poti n'zakumwambo. Koma zinaonekeratu kuti namkungwi sankadalira pakamwa pokha. Ankamusiyira namwali chithunzi m'mutu, kuti tsiku lodzakumana ndi zokhoma m'banja, mwambo udzabwere wokha.

Tinatsika msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, ena atatseka maso pamakona, mpaka kufika ku Mua. Mishoni ya Akatolika ya ku Mua inayamba mu 1902, ndipo malo a zaluso a Kungoni anawayambitsa mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, koma ife tinakhalitsa pa zigoba za Gule Wamkulu. Zambiri zimadzudzula khalidwe: ulesi, kuledzera, dama, kudzikuza. Munthu pabwalo amaseka kaye, kenako n'kuzindikira kuti akunenedwa ndi iyeyo, popanda wina kumutchula dzina.

Apa mpamene panabuka mtsutso. Bambo wina wachikulire anati njira imeneyi imachititsa manyazi, pomwe ntchito yathu imafuna kuti munthu asankhe yekha kusintha.

"Ayi achimwene," anayankha mayi wa ku Dedza uja, "manyazi amabwera mukamuloza chala muofesi. Pabwalo amadziloza yekha."

Ine ndinagwirizana ndi mayiwo, ngakhale bambowo sanalakwe kotheratu: gule ali ndi mudzi wonse kumbuyo kwake, ife tili ndi ola limodzi ndi foni. Chomwe tingatengeko ndi kumupatsa munthu nthano kapena chithunzi choti adzionerepo, m'malo mongomuwerengera zofooka zake.

Pobwerera tinagwirizana kuti pa mkumano wotsatira, wachinyamata aliyense adzabwere ndi nthano, ndakatulo kapena chojambula chosonyeza mmene analili poyamba ntchito ndi mmene alili lero. Bambo aja anavomera, koma anati aliyense wosafuna kuwerenga pagulu asakakamizidwe, ndipo mlembi analemba zimenezo.