Fupa lili bwino, koma bondo ayi

Lolemba m'chipinda chathu cha X-ray mumadzadza anyamata ampira. Zimene zachitika Loweruka ndi Lamulungu, kaya ku Mzuzu Stadium kaya m'mabwalo a ku Chibavi ndi Zolozolo, zimathera kwa ife. Mvula ikamagwa zimanyanya, poti bwalo limaterera.

Ambiri sabata ino anali obinya phazi. Munthu wadumphira mpira wam'mwamba, potera phazi n'kupindikira mkati, mitsempha ya kunja kwa kakolo n'kukokeka. Si onse ofunika kujambulidwa. Adokotala amayamba adina fupa la pakakolo, n'kuona ngati munthuyo angayende n'kuponda kanayi. Njira imeneyi inachokera ku Ottawa, ku Canada, ndipo imateteza anthu ku cheza cha makina popanda chifukwa.

Amene wandikhala pamtima ndi wa Lachinayi. Anabwera atakolekera dzanja paphewa la kochi wake, bondo litatupa ngati dzungu. Palibe anamuchita chipongwe m'bwalo. Jombo inakanirira m'matope iye akutembenuka, anamva kuti thwa mkati mwa bondo, ndipo pofika madzulo linali litatupa. Chithunzi chinatuluka choyera, mafupa onse ali m'malo mwake.

“Ndiye kuti Loweruka asewera, eti achimwene?” anatero kochiyo, nkhope ili mwee.

Ndinawakhazika pansi. X-ray imaona mafupa basi. Mtsempha wa mkati mwa bondo, umene timautcha ACL, ungaduke wonse chithunzi osaonetsa kanthu. Sikani ya ultrasound imatithandiza pa minofu yong'ambika ya m'ntchafu ndiponso madzi odzadza m'bondo, koma mtsempha umenewu uli mkati kwambiri. Yoona bwino ndi sikani ina yotchedwa MRI, imene inayamba kufika m'dziko muno mu 2008 ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa mnyamata wa timu ya m'dera, ulendo woterowo ndi ndalama zambiri. N'chifukwa chake ndimalemekeza manja a adokotala athu a mafupa: anagwira ntchafu, n'kukokera msongolo kutsogolo, ndipo unasuntha mopitirira muyezo. Mnyamatayo anapatsidwa ndodo n'kutumizidwa kwa a fizio, othandiza ovulala ndi mafizo olimbitsa ziwalo. Chimandiwawa n'choti ambiri otere amabwerera m'bwalo kutupa kukangophwa, bondo n'kuwonongekeratu.

Lachisanu kunabwera wina amene anapondedwa pamsongolo alibe zotchingira. Uyu sitinavutike naye, mng'alu unaonekeratu pachithunzi choyamba, ndipo anatuluka ndi chikhakha.