Tsiku limene Uprofesa wanga unathera pachitseko

Chaka chatha mu June, yunivesite yathu inatitumiza ku Ireland kwa milungu itatu kuti tikaphunzire za luso ndi mbiri ya dzikolo. M'gulu lonselo Mmalawi ndinali ndekha, ndiye ndinati ndisachititse manyazi mtundu.

Ku Trinity College, mu Dublin, anationetsa Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino anayi limene amonke analemba pa zikopa za ana a ng'ombe cha m'ma 800. Anzanga ali kakasi ndi tinjoka ndi timbalame tokulungana m'zilembo, ine ndinawerenga mokweza mawu awiri a Chilatini. Chilatinicho n'cha ku seminale komwe anandipirikitsa ndili fomu 2, koma zimenezo sindinaulule. Kuyambira tsikulo dzina langa linali Profesa, ndipo ndinkavomera ndi mtima wonse.

Sabata yachiwiri tinakwera sitima yapamadzi ku Rossaveal kupita pachilumba cha Inis Mór, komwe anthu amalankhulabe Chiairishi kunyumba. Tinakaona Dún Aonghasa, linga la miyala lomwe lili pamwamba pa phompho la mamita pafupifupi 100. Kumphepete kulibe chotchinga chilichonse. Wofuna kusuzumira nyanja amakwawa chafufumimba ngati buluzi. Anthu akumeneko amati imeneyo ndi nyengo yotentha, koma mphepo yake kuposa ya ku Dedza mu July. Ine n'kuti nditamwa makapu atatu a tiyi, ndiye potsika phirilo ndinkayenda mothinitsa miyendo.

Tinathamangira m'kanyumba kena kodyera. Kuseri kunali zitseko ziwiri, popanda kachithunzi ka munthu wa buluku kapena wa diresi. China analemba Fir, china Mná. Anyamata atatu a m'kalasi mwathu, nawonso atapanikizika, anandiyang'ana.

"Profesa, tilowe kuti?"

Funso lophweka chonchi? Mná, amuna. Ndinawafotokozeranso, ndikudumphadumpha, kuti zilankhulo za padziko lapansi n'zapachibale, ndipo kwathu mawuwa timawadziwa bwino. Mmodzi anawonjezera kuti F ndi ya akazi basi. Ndinakankha chitseko, iwo ali pambuyo panga ngati anapiye.

M'katimo munali mukununkhira sopo wamaluwa, ndipo khoma lija timaimirirapo amuna silinaoneke. Pa sinki panali agogo ena aakazi ovala juzi yoluka yaubweya, akukonza tsitsi. Anatiyang'ana pagalasi mmodzimmodzi, osatembenuka n'komwe.

Anzanga aja anabwerera chothamanga. Ine miyendo inauma. Kaya chinandigwira n'chiyani, ndinapinda mawondo, n'kuomba m'manja, n'kunena m'Chichewa chenicheni kuti, "Pepani agogo, tasochera."

Agogowo anapukuta m'manja mosafulumira, anandigwira pamkono ngati mdzukulu, n'kunditulutsa mpaka pachitseko chinacho. Analoza chikwangwani n'kunena kuti Fir ndi amuna, Mná ndi akazi, ndipo pachilumbapo amatchula kuti "mraa". Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza katatu, anthu onse odya akumva, chikhodzodzo chili pafupi kuphulika.

Nditatuluka ndinapeza aphunzitsi athu akupukuta misozi ndi kansalu ka patebulo. Pa sitima pobwerera, poitana mayina kuti aone ngati tonse takwera, atafika pa langa anangoti, "Mraa?"

Ndinakweza mkono.