Zaka 5 za kashopu kathu ka mabuku pa Kamuzu Road

Abale anga, lero takwanitsa zaka 5 chitsegulireni kashopu kathu ka mabuku kuno ku Salima, ndiye ndati ndikuuzeniko komwe zinachokera.

Mu 1994 pulayimale itakhala yaulere tinadzaza makalasi mpaka enafe timaphunzirira pansi pa mtengo, buku limodzi kulimbirana gulu lonse. Langalanga ndinalitola kwa agogo aamuna ku Khombedza, kabuku ka nthano kopanda chikuto, masamba akumapeto madalawo anali atapichirira fodya kalekale. Munali nkhani ya mwana wamasiye yemwe anapalasa bwato yekha kukasaka malume ake kutsidya, ndiye pomwe mwera wangoyamba kumene, bwato likudzaza madzi, basi masamba atha! Ndinalira ine. Usiku uliwonse pamphasa ndimapeka mathero anga, lero wafika, mawa asodzi amutola, koma sindinamumizepo olo kamodzi. Mpaka pano zikandithina ndimangoti apa mpomwe agogo anang'amba, nkhaniyi ikadalipo kutsogoloku.

Ndipo zinandithinadi mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44%. Ndinali nditalipira kale makatoni a makope kwa bwana wina wa holoselo ku Lilongwe, kukacha akuti onjezerani apo ayi katundu satuluka, chonsecho ndalamayo inali ya katapila. Wakatapilayo anadzanyamula makina a fotokope dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera ngati mpira. Bwana aja ngati mukuwerenga izi moni wanu, pano timaoda kwina.

Zikomo mayi a kunyumba, munagulitsa matumba anu a mpunga osandinyoza ngakhale tsiku limodzi. Amayi a banki mkhonde munandikhulupirira ndilibe chikole, Mulungu akudalitseni. Aphunzitsi omwe mumatitumizira ana, anyamata a kabaza mumatinyamulira makatoni nthawi zina pangongole, achimwene anga a ku Chipoka omwe munawombola makina aja, mawu andichepera. Ndi inu makasitomala, ena mumachokera ku Senga Bay kudutsa mashopu onsewo.

Pano tili ndi makope, zolembera, masamu seti, mabuku okonzekera PSLCE, JCE ndi MSCE, fotokope ikugwiranso bwinobwino. Ogula kambiri timachotserako, Airtel Money ndi Mpamba timalandira. Loweruka m'mawa ana amawerenga nthano ulere pakhonde, atumizeni. Akafuna kupita nalo kunyumba timabwereketsa, bola kunyumbako kusakhale agogo osuta chingambwe.