Ingowonjezerani 1911

Usiku wa Lachinayi ndinaseka ndekha m'chipinda mpaka mnzanga anadzuka n'kundifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikulimbana ndi pepala langa la mfuti zakale za asilikali a ku China, zija zoti ukawombera kamodzi umakoka bolt ndi dzanja kuti chipolopolo china chilowe. Chimene chinkandizunguza mutu n'chochititsa manyazi kuchitchula: manambala a m'mayina ake.

M'kope mwanga ndinazindandalika chonchi: Type 13, Type 24, Type 38, Type 53, Hanyang 88. Kuyambira yaing'ono kukafika yaikulu, ngati mwana wa Sitandade 2. Kwa ine 88 inali yatsopano kuposa zonse. Ndiye ndinkadabwa kuti zatheka bwanji asilikali amene anagalukira boma la mfumu mumzinda wa Wuchang mu Okutobala 1911 akhale ndi 88 m'manja, pamene 24 ikudzatulukira nthawi ya Chiang Kai-shek, amene anadzatsogolera China pambuyo pake. Ndinafika poganiza kuti olemba mabuku anasokoneza zithunzi. Ine wa chaka chachitatu kukonza akatswiri!

Za kugwa kwa ufumu wa Qing ndi za Sun Yat-sen sindibwereza, nonse munalemba mayeso ake. Chimene palibe anandiuza n'chakuti boma latsopano la ripabuliki limene linalowa m'malo mwa ufumuwo linayambiranso kuwerenga zaka pa 1. Chaka cha 1912 ndicho choyamba pa kalendala yakeyo, yotchedwa Minguo. Basi. Ukaona nambala ya boma limenelo, wonjezera 1911. Choncho 24 ndi 1935, chaka chimene fakitale ya zida ya ku Gongxian m'chigawo cha Henan inayamba kutulutsa mfuti yotengera Mauser Standardmodell ya ku Germany, imene inadzapatsidwa dzina loti Zhongzheng, dzina lina la Chiang Kai-shek. Nayo 13 ndi 1924, Mauser ya mumzinda wa Mukden, kwa mkulu wankhondo Zhang Zuolin amene Manchuria, dera la kumpoto chakum'mawa kwa China, inali m'manja mwake.

Nditangogwira zimenezi ndinathamangira 88 ndi 1911 wangayo n'kupeza 1999. Ndinakhala kaye chete. Kenako zinatseguka zokha: 88 si ya kalendala ya China n'komwe. Ndi 1888 ya Ajeremani, chaka cha Gewehr 88 imene fakitale ya ku Hanyang inakopera. Fakitaleyo anaikhazikitsa ndi Zhang Zhidong, bwanamkubwa wa ufumu wa Qing, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, mfumu ikadali pampando ku Beijing. Imene ndinkaiyesa chitsirizira inali ndiye gogo wa zonse, ndipo gogoyu anakana kupuma: anapitiriza kuipanga mpaka 1944, zaka pafupifupi 50.

Type 38 si ya China, ndi Arisaka ya Japan, koma inadzaza m'manja mwa asilikali a ku China, makamaka Japan itagonja mu 1945. Apo 38 ndi chaka cha 38 cha ulamuliro wa mfumu Meiji ya Japan, ndiye umawonjezera 1867 n'kupeza 1905. Type 53 ndiyo yosavuta. Achikomyunizimu atatenga boma mu 1949 anataya kalendala ya Minguo n'kutenga yomwe tili nayo ifeyi, ndipo 53 ndi 1953 yeniyeni, mfuti yaifupi yotengera Mosin-Nagant M44 ya Soviet Union, ya mpeni wopindikira m'mbali.

Ndiye mndandanda woona ndi 88, 38, 13, 24, 53. Ndaubwereza pakamwa kangapo lero ndikuchapa. Chimene chandikoma si masamu ake ayi. N'chakuti nambala iliyonse ikukuuza amene ankalamula kawerengedwe ka zaka pamene chitsulocho chinkadindidwa. Boma likagwa, kalendala imagwa nalo, koma mfuti imatsala, msilikali wina n'kuitola. Mu 1950, asilikali a China powoloka mtsinje wa Yalu kulowa ku Korea, ananyamula zosakanizika zimenezi, za makalendala osiyana, zodya zipolopolo zosiyana kunenepa: mamilimita 7.92 ya Mauser, 6.5 ya Arisaka, ndi zina za ku America zolandidwa kwa asilikali a Chiang. Ganizirani munthu wogawa zipolopolo pamenepo. M'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anafulumira kutenga mtundu umodzi wa ku Soviet, wa 7.62. Poyamba chiganizo chimenechi ndinkangochiloweza ngati vesi.

Pa Hanyang pali kanthu kamene ndakhala ndikukayang'ana kwambiri. Zipolopolo zisanu zimalowa pamodzi zili m'kachitsulo kozigwira, ndipo chomaliza chikalowa mumpope, kachitsuloko kamagwera pansi kudzera pabowo la kunsi. Nzeru yabwino pa tebulo la injiniya ku Germany. Koma bowo lomwelo ndi khomo la fumbi ndi matope kwa msilikali wogona chafufumimba m'munda wa mpunga. Zoyambirira zinalinso ndi chikuto chachitsulo chokuta mpope wonse, chimene anadzachichotsa mu 1904, ndiye ukangoona chithunzi cha mpope wonenepa ngati paipi ya madzi umadziwa kuti ndi yakale zedi.

Njira imene yandipulumutsa ndi makadi. Ndimadula makatoni a sopo, kutsogolo ndimajambula chidindo ndi dzanja mmene chikuonekera pachithunzi, kumbuyo ndimalemba fakitale, kalendala ndi chaka. Nyenyezi ya nsonga zisanu ndi Hanyang. Madayamondi awiri olowana ndi Gongxian. Chizindikiro chokhala ngati swastika chinandidzidzimutsa tsiku loyamba, ndinati apa ndiye dzanja la Hitler, popeza Ajeremani ankaphunzitsadi asilikali a Chiang m'zaka za m'ma 1930. Ayi ndithu. N'chizindikiro chakalekale cha Chibuda, chidindo cha fakitale ya Jinling ku Nanjing, imene inasamukira ku Chongqing pothawa Ajapani n'kukhala fakitale nambala 21. Chimene wachijambula ndi dzanja lako sichichoka m'mutu. Ine ndikuti History yense akhoza kuphunziridwa pa makatoni a sopo, ndipo amene akukana sanayesepo. Mnzanga uja akuti ndikungotaya nthawi n'kujambula, koma iye mpaka lero amasokoneza Mukden ndi Shenyang ngati mizinda iwiri.

Chondipweteka n'chakuti nkhani ya kalendalayi ndi ya mphindi ziwiri. Aphunzitsi athu akanangolemba pabolodi kuti 1912 ndi 1, ndikanapulumutsa miyezi iwiri ndi ndalama za mabando a intaneti amene ndawotcha potsegula zithunzi usiku. Nditapita ku ofesi kwawo ndi mutu wanga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti zitsulo si History, ndikalembe za mapangano ndi misonkhano. Ndinayankha kuti chabwino abwana, n'kutuluka. Sindikuwada, kalasi yathu ndi yaikulu ndipo silabasi imathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu, sabata imodzi Qing, inayo tili kale pa Mao. Komabe zimawawa. Magetsi nawo amadziwa nthawi yothima, pamene chithunzi chatsala pang'ono kutseguka.

Chinanso chondiseketsa: kalendala ya Minguo ija sinafe. Ku Taiwan, kumene boma la Chiang linathawira, akuigwiritsabe ntchito, 2025 kwa iwo ndi 114. Ndipo dziko lathu linali paubale ndi Taiwan mpaka kumapeto kwa 2007. Zaka zonsezo chinthucho chinali pafupi nafe, ine n'kukachipezera pa dzimbiri la mfuti.

Ine sindinagwirepo ngakhale imodzi. Zonse ndimaonera pa zithunzi za anthu osonkhanitsa mfuti zakale ku America ndi ku Ulaya, amene amakangana za manambala a bolt ngati akufanana ndi a thupi la mfuti, ndi za zilembo za magulu a asilikali a kumudzi zolembedwa pathabwa. Pali chithunzi chimodzi chimene chandigwira kuyambira dzulo: Zhongzheng ya chidindo cha fakitale 21, chaka chake chadyeka ndi dzimbiri. Nambala yoyamba ndi 3, ikuoneka bwino. Yachiwiri ikhoza kukhala 3 kapena 8. Ikakhala 33 ndi 1944, inapangidwira kulimbana ndi Ajapani. Ikakhala 38 ndi 1949, inatuluka m'fakitale boma loidinda likulongedza katundu, miyezi yochepa Chongqing isanagwe m'manja mwa Achikomyunizimu mu Novembala. Ndakulitsa chithunzicho pafoni mpaka changosanduka timabokosi. Khadi lake ndajambula kutsogolo kokha, kumbuyo kulibe kanthu, ndipo pepala likufunika Lolemba m'mawa.