Firewall yosalemetsa kompyuta yapanyumba

Firewall ndi pulogalamu yolondera zolowa ndi zotuluka pakati pa kompyuta ndi intaneti. Yobwera ndi Windows imatchinga zolowa, koma mapulogalamu ofuna kutuluka pa intaneti imangowalola, ndipo ndi omwewa amadya bandulo mwakachetechete. Ngati kompyuta yanu ili ndi RAM ya 4 GB yokha, ikani TinyWall kapena simplewall, ma firewall osalemetsa kompyuta otchinganso zotuluka, koma osati zonse ziwiri, zingalimbane.

TinyWall imatseka popanda kukufunsani. Mukangoiika, mapulogalamu ambiri amaleka kutuluka pa intaneti mpaka mutawaloleza, ndipo printa ya pa Wi-Fi imasowa mpaka mutachonga Unblock LAN traffic. Simplewall ndiye imafunsa pulogalamu iliyonse ikafuna kutuluka. Imatopetsa tsiku loyamba, komabe ndi imene ndingasankhe chifukwa mumaona mapulogalamu amene akufuna kutuluka pa intaneti.

Koma musanaichotse simplewall, dinani Disable filters. Mukaiwala, malamulo ake amatsalira mu Windows, intaneti n'kukhalabe yotseka.